Mwendo wa a Nester

Mwezi wathawu, kuyambira pa chitsime cha kwa Mpama mpaka pa msika wa pa Njuli, nkhani inali imodzi basi: ati a Nester azungulira mutu. Sinkanenedwa mokweza ayi. Munthu ankayamba wacheuka uku ndi uku, kenako n'kutsitsa mawu, ati mayi aja awagoneka ku chipatala cha ku mishoni chifukwa cha mwendo, koma mwendowo ndi nkhani yaing'ono, yaikulu ndi yakuti akucheza ndi khoma. Ena ankati ndi malungo akwera kumutu. Ena ankati ayi, pamenepa pali dzanja la munthu, nanga simunaone mmene nandolo wawo anachitira chaka chatha mudzi wonse ukulira? Panalinso mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene ankalumbira kuti anawaona ndi maso ake akulumphira m'munda mwa eni ngati gwape, ndi mwendo wodwala womwewo, popanda galu kapena njoka yowathamangitsa. Nkhani ikafika pamenepo onse ankapukusa mitu, ndipo sipankalephera kupezeka wina wonong'ona kuti mapeto a zotere ndi ku chipatala cha amisala ku Zomba.

Amene ankadziwa zoona zake anali Margret, mwana wawo wotsiriza, ndipo iyeyo ndiye anali duu kuposa onse.

Kuti mumve bwino, tiyambe ndi mwendowo. A Nester ndi Alomwe, mwa aja anabwera kuno ali ana kuchokera ku dziko la Apwitikizi, wapansi, mitolo ili pamutu. Amuna awo anamwalira kale, ana aamuna ali ku Halale, aakazi ali ndi nyumba zawo, ndiye m'nyumba anatsala awiri ndi Margret. Tsiku lina akupalira chinangwa khasu linawakhudza pamwamba pa phazi. Kabala kake kanali kochepa, anangofinyirapo masamba n'kumangapo kansanza. Koma mvula ili mkati kabala kaja kanasanduka chilonda, chilonda chinayamba kudya mnofu, mpaka Margret anawakakamiza kuti azipita ku mishoni kukatsukitsa.

Wotsuka zilonda kumeneko ndi Gregorio, dresala uja wamtali, wa njinga ya belu. Masiku oyambawo a Nester ankamukonda ngati mwana wawo. Ankamuseka kuti manja ake ndi ozizira ngati mimba ya chule, ankamubweretsera nthochi, ankamufunsa kuti kodi kwanu sakupatsa chakudya, wawonda chonchi bwanji. Gregorio ankaseka nawo, koma maso ake, kunena zoona, ankakhala pa amene wawaperekeza. Sipanapite nthawi, anamupatsa Margret mpango wofiira wa madontho oyera, ati chikole. Margret anaubisa pansi pa dengu masiku angapo, kenako mtima unamukanika, anawaonetsa amayi ake.

A Nester anautembenuza mpangowo uku ndi uku, nati mnyamatayo ndi wabwino, alibe naye chifukwa. Koma panali vuto. Gregorio ndi Mkatolika, pamene iwo ndi a mpingo wina, ndipo atsibweni ake a Margret, a Alufeyo, ndi mkulu wa mpingo umenewo, munthu woti akamva dzina la Aroma amayamba watsokomola. Ndiye anagwirizana kuti nkhani ikhale ya m'nyumba kufikira anthu atakolola, Gregorio atauza akwawo ndi abambo ansembe a ku mishoni, kuti ankhoswe adzabwere mwa dongosolo. A Nester analonjeza kuti pakamwa pawo sipatuluka kanthu.

Sipanatuluke kanthudi. Koma mumtima mwawo, kuyambira tsiku limenelo, Gregorio anasiya kukhala dresala, anakhala mkamwini. Ndipo inu mukudziwa mmene zimakhalira pakati pa apongozi ndi mkamwini, makamaka kwa anthu akale ngati iwo: sayang'anana kumaso, sayankhulana maso ndi maso, akakumana pa njira wina amapatuka. Nanji kumutambasulira mwendo kuti augwire, zimenezo ndiye zosayamba n'komwe. Za kulumphira m'munda zija n'zoona. Anamva belu la njinga pa kanjira kopapatiza, anaona mwini wake, basi anapatuka mmene akanathera. Ndipo kuchokera pamenepo ku mishoni anasiya kupitako, ati chilonda chikupola chokha.

Mwina mufunsa kuti nanga anthu, amene mwambowu amaudziwa kuyambira ali kumsana, analephera bwanji kuzindikira. Chifukwa chake n'chakuti m'kamwa mwawo anthuwo anali atamupatsa kale Gregorio mkazi, Bibiana, mwana wa aphunzitsi a katekisimu. Ena anali atafika mpaka posankha mwezi wa ukwati. Za Margret palibe anaziganizira ndi kamodzi komwe.

Chilonda sichinapole. Zala za phazi zinayamba kuda, fungo linkamveka munthu ali pakhomo, ndipo dzuwa likangopendeka thupi linkatentha. Pamenepo a Alufeyo anabwera ndi amuna a machila, sanafunse munthu, anawanyamula achemwali awo mpaka ku chipatala. Margret anatsatira ndi mphika ndi ufa, kukakhala wodwazika.

Dokotala amene amayendera chipatalacho kuchokera ku Blantyre anafika sabata yomweyo. Anamasula bandeji, anayang'ana, anadina apa ndi apo, nanena kuti mwendo uyenera kudulidwa pansi pa bondo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya ku Blantyre. Lole ya mishoni inali kupita kumeneko Lachisanu. Atanena zimenezo anakwera galimoto yake, nkhani n'kuwasiyira a Sisitere Bernadetta.

A Sisitere amenewa anali atangobwera kumene kuchokera kwawo ku Ulaya, nkhope idakali yofiira ndi dzuwa la kuno. Chinyanja chawo chinali cha moni ndi zikomo basi. Pakamwa pawo m'chipatala monse panali Gregorio. Koma chinthu chimodzi anachigwiritsa: anati mwendo wa munthu sudulidwa mwini wake asanamve ndi kuvomera. Ndiye chakumadzulo kwa tsiku lomwelo anabwera pa bedi la a Nester, Gregorio ali pambuyo. A Alufeyo anatsala pa khonde, poti ndi wodi ya amayi. Margret anali atakhala pansi pa simenti, chakumutu kwa bedi.

A Nester atangoona amene walowa anatembenukira ku khoma, nakoka nsalu mpaka kumutu. A Sisitere anayankhula, Gregorio anamasulira, maso ake ali kudenga ngati akuwerenga phaso. Palibe yankho. Anafunsa ngati akudziwa kumene ali. Zii. Anafunsa kuti lero n'lachingati, anafunsa kuti mtsikana wakhala apayu ndi ndani. Zii. Kenako pansi pa nsalu panayamba kutuluka mawu a Chilomwe, otsika kwambiri, olunjika ku khoma. Margret yekha ndiye anawamva bwino. Amayi ake ankaliuza khomalo kuti liwapemphe anthu aulemu wawo akaime panja, chifukwa mwendo uli pa mtunda. Gregorio sanamve mawu onse, koma tanthauzo analidziwa, ndipo thukuta linali kutsika m'khosi mwake. A Sisitere atamufunsa kuti akuti chiyani, anangoti akuyankhula ndi khoma. Bodza sananene, koma zoona sanazimalize.

Tsoka ilo, nthawi imeneyo ndi imene malungo amakwera. Gregorio atatuluka, Margret anawapatsa madzi, ndipo a Nester anamuyang'ana n'kumutchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira pa ulendo uja ali ana. A Sisitere anaona mmene nkhope ya Margret inasinthira, anatuluka, naitana a Alufeyo. Kudzera mwa Gregorio yemweyo anawauza kuti ngati mwini mwendo sangathe kumva nkhani, mawu atsala kwa achibale. A Alufeyo si munthu wouma mtima ayi, ndi kamunthu kakafupi kokonda kulongolola, koma tsiku limenelo misozi inawatsika. Anati iwo ndi mwini mbumba, adule, bola achemwali awo akhale ndi moyo.

Apa ndi pamene mtima wa Margret unayamba kukangana wokha. Akakhala chete, zonse zimuyendera: amayi ake akwera lole, dokotala awapulumutsa, chinsinsi chikhala chinsinsi mpaka tsiku la ankhoswe. Akayankhula, atsibweni amva za Gregorio pa nthawi yolakwika ndi pa malo olakwika, ndipo choopsa koposa, amayi ake akafunsidwa bwino akhoza kukana. Iye ankawadziwa amayi ake.

Gregorio anamupeza akutunga madzi kuseri kwa thanki ya madzi ya chipatala ndipo ananena zomwezo. Anati dokotala sananame, miyendo yotere iye waiona, kudikira n'kusewera ndi imfa. Anati Lachisanu lili pafupi, angopirira. Kenako, akukanda dothi ndi nsapato, anati iyenso zikumupweteka, koma akayamba bwanji kuwauza a Sisitere kuti wodwala wawo ndi apongozi ake, abambo a ku mishoni asanamve kanthu? Margret anavomera ndi mutu, nasenza chidebe.

M'mawa mwake, Lachitatu, thupi la a Nester linali litazizira. Anadzuka, anasukusula, anapatsa moni wodi yonse bedi ndi bedi. Anakadzudzula kamtsikana kena ka mwana woyamba kuti mwana sagwiridwa ngati mtolo wa nkhuni, nakaonetsa mmene kangamuikire ku bere. Kenako anamukodola Margret.

"Ndikumva anthu akunong'ona za lole. Kodi akupita nane kuti?"

Margret anati ku Blantyre, kukalandira mankhwala abwino.

"Chabwino," anatero a Nester. "Koma pobwera usandikweze lole, imandichititsa chizungulire. Ndikachira tidzabwera wapansi pang'onopang'ono, tidzapumula pa Njuli, undigulire nzimbe."

Margret anatenga beseni ngati akukataya madzi, natuluka. Anaima kuseri kwa wodi nthawi yaitali, beseni lili m'manja. Amayi ake ankakonza ulendo wa pansi ndi mwendo umene anthu ena anagwirizana kale kuti utsala ku Blantyre. Chipatala chonse chinkadziwa, pa chitsime ankadziwa, wogulitsa zitumbuwa ankadziwa. Mwini mwendo yekha ndiye sanauzidwe, ndipo womaliza kumubisira anali mwana wake.

Anaganiza zokaulula zonse kwa a Sisitere. Tsono vuto linali lakuti a Sisitere sakanamumva. Kupatula Gregorio, wodziwa kachizungu pa mishoni anali mmodzi, amayi Magdalena ochapa nsalu za chipatala, amene akhala ndi masisitere zaka zambirimbiri, ndipo Chilomwe anachiyamwira kwa amayi awo. Koma amayi Magdalena amenewa, nkhani ukawauza m'mawa, masana uipeza pa Njuli itavala kale malaya ndi nsapato. Margret ankadziwa kuti chinsinsi chikadutsa pamenepo chathera pomwepo. Anapita.

Anawapeza akuyanika nsalu pa chingwe. Anayamba ndi za khoma, anazungulira, anazunguliranso, mpaka anatchula mpango. Amayi Magdalena anasiya nsalu ili lende, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala.

"Ndiye Bibiana uja tamusokera diresi pachabe? Iwe mwana wa phee iwe, madzi odikha ndi amenewa eti?"

Anaseka mpaka kugwira chingwe. Koma kuseka kunatha msanga. Anapukuta manja pa chitenje, nati tiye, lole siidikira munthu.

A Sisitere anali m'chipinda cha mankhwala. Anamvetsera, anafunsa kuti apongozi n'chiyani, anauzidwa, anafunsanso. Atamvetsa anakhala pansi. Anati mtima wawo sunakhazikike kuyambira m'mawa, chifukwa anaona pa zenera mayi yemwe dzulo samadziwa mwana wake akuphunzitsa mnzake kuyamwitsa, ndipo anadzifunsa kuti mutu wosokonezeka umachita zimenezo kodi. Anati dzulo analakwitsa zinthu zingapo pamodzi: anafunsa pa nthawi ya malungo, anafunsa kudzera mwa munthu wosayenera, ndipo mafunso ena sanali okhudza mwendo n'komwe. Ndiye anakonza kuti mawa m'mawa, thupi lisanatenthe, ayambirenso. Pasakhale mwamuna aliyense. Amasulire ndi amayi Magdalena, m'Chilomwe. Margret akhalepo kuti amayi ake asaope, koma asayankhe m'malo mwawo ngakhale liwu limodzi, chifukwa mwana wofunitsa kuti mayi ake akhale moyo amakankha osadziwa. Ndipo a Alufeyo auzidwe lero lomwe, popeza mawu awo ndi amene akuikidwa pambali. Ntchito imeneyo inali ya Margret.

Anawapeza atsibweni ake pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Anagwada chapatali, nanena zonse, maso ali pansi. A Alufeyo anavula chipewa, nafunsa:

"Ndiye kuti achemwali sanapenge?"

Margret anati sanapenge.

A Alufeyo anavala chipewa, anachivulanso, anapumira m'mwamba. Kenako nkhope yawo inaumanso.

"Za Mroma wakoyo tikakamba kumudzi, si za pano. Koma iwe mwana, ukudziwa chimene wachita? Ine ndinali nditawapulumutsa. Nanga akakana?"

Margret anadzuka, nabwerera ku wodi.

Lachinayi m'mawa anawatulutsa a Nester pa khonde la kuseri, pamene pamafika kadzuwa. Gregorio anatumidwa ku wodi ya amuna ndipo anauzidwa kuti asaonetse ngakhale chithunzithunzi chake. A Sisitere sanaime ngati tsiku lija, anakhala pa kampando kakafupi kuti maso akhale pamodzi. Anayamba ndi moni wawo wa Chinyanja wopotoka uja, a Nester anayankha bwinobwino, nawonjeza kuti awauze mayi woyerayu kuti mafunso ake a dzana anawamva. Kumene ali akukudziwa, ndi kwa Aroma. Mtsikanayo ndi Margret, anamubala okha. Koma za lachingati, masiku a azungu iwo sawerenga, chimene akudziwa n'chakuti nandolo wayamba maluwa ndipo kunyumba kulibe woingitsa mbuzi.

Ndiye a Sisitere anafotokoza, pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi n'kudikira amayi Magdalena, kenako kena. Sanabise kanthu. Analoza pa mwendo wawo womwe, pansi pa bondo, kuonetsa pamene mpeni udzadutse. A Nester anayang'ana chala chimenecho nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Margret.

"Mankhwala abwino aja ndi amenewa?"

Margret anaweramitsa mutu.

A Sisitere anapempha kuti a Nester anene okha, m'mawu awo, zimene amva. A Nester anakonza nsalu pa mawondo.

"Mwati phazi lafa, ndipo imfayo ikukwera. Mukadula apa, mwina ndikhala, koma khasu ndasiyana nalo. Mukapanda kudula, mwina chipola, koma kawirikawiri chimakwera mpaka chitenge munthu yense. Ndamva bwino, kapena ndaphonya?"

Sanaphonye. Kenako anayamba kufunsa iwo. Anafunsa ngati amene amadulidwa amabwerako. A Sisitere anati ambiri amabwerako, ena ayi. Anafunsa ngati anaonapo phazi lotere litapola lokha. Anati anaonapo ochepa kwambiri, ndipo ngakhale pali jakisoni watsopano amene angathandize, dokotala sakumudalira pa chilonda ichi. Anafunsa kuti akadikira chimachitika n'chiyani. Anati akhoza kudzadula pamwamba pa bondo m'malo mwa pansi, kapena akhoza kuchedwa ndithu. Anafunsanso za ndodo zoyendera, ngati munthu angatunge nazo madzi, ngati angakwere nazo kaphiri ka ku tchalitchi kwawo. Zina a Sisitere anayankha, zina anati sakudziwa. Margret kangapo konse anatsegula pakamwa kuti anene kuti amayi vomerani, madzi ndizitunga ine, koma amayi Magdalena ankamutsina pa ntchafu osamuyang'ana n'komwe.

Pomaliza a Nester anati nkhani ya mwendo siyankhidwa tsiku limene waimva. A Sisitere anati n'zoona, abweranso mawa lole isananyamuke, ndipo zimenezo ziwathandiza iwonso kuona ngati nkhaniyi ikhale ikadali m'mutu.

Masana malungo anabwera monga mwa masiku onse. A Nester anabwebweta za mtsinje wina wa kutali, anamutchulanso Margret dzina la malemu uja. Margret anawapukuta nkhope ndi kansalu konyowa, ndipo mumtima, Mulungu amukhululukire, mbali ina inkafuna kuti mawa adzuke osakumbuka kanthu, kuti mawu a atsibweni abwerere pa malo pake.

Anadzuka akukumbuka zonse. Lole ili kale pabwalo, dalaivala akuthira madzi kutsogolo, a Nester anabwereza nkhani yonse ya dzulo osasiyako, napempha kuti a Alufeyo aitanidwe adzamve ndi makutu awo. Atafika, anavundukula mwendo. Pamwamba pa kakolo pali mzere wa mphini zakalekale, zimene amayi awo anawatema pa ulendo uja miyendo itatupa. Kuda kwa chilonda kunali kukadali pa phazi, pansi pa mzerewo.

"Lole ya lero ipite," anatero. "Ndikhala pano, munditsuke, mundibaye jakisoni wanuyo. Koma kudaku kukafika pa mphini izi, mundinyamule. Musadzandifunsenso, ngakhale mudzandipeze ndikubwebweta kapena ndikukana. Mawu anga ndi awa ndanena lero, mutu uli bwino. Mwamva nonse?"

A Sisitere anati amva, koma anene poyera kuti iwo sakugwirizana nazo, akanakhala iwo akanakwera lero, chifukwa chilonda nthawi zina chimayenda mkati chisanaoneke kunja. A Nester anati zimenezonso anazimva dzulo. A Sisitere anavomera, nati mwendo ndi wa a Nester.

A Alufeyo ndiye anayamba kuchonderera. Anatchula ana a ku Halale, anatchula Mulungu, anatchula malemu amayi awo. A Nester anawasiya amalize.

"Iwe Alufeyo, mwendo uno unakubereka kumsana kuchokera kwa Apwitikizi, ukundikodzera njira yonse. Lero wauperekera kwa azungu osaufunsa? Ndikudziwa unachita mwa chikondi. Koma khala pansi, wandichititsa chizungulire."

Amayi Magdalena anamasulira zonse, za kukodza zomwe, ndipo a Sisitere anayang'ana kumbali. A Alufeyo anakhala pansi.

Anagwirizananso kuti chilonda azitsuka a Sisitere eni ake, amayi Magdalena akuwagwirira beseni, ndipo Gregorio akafuna kudutsa mu wodi ya amayi aziyamba watsokomola pakhomo. Pamene ankawabweza ku bedi, a Nester anaona njinga ya belu itatsamira pa mzati wa khonde. Anaima, nauza mzatiwo, m'Chinyanja chomveka bwino, kuti ukawauze eni njinga afulumize ankhoswe, poti pali anthu ena akufuna kudzavina miyendo idakali iwiri. Kuseri kwa chitseko kunamveka munthu akutsamwa.

Lole inanyamuka ndi matumba a chimanga ndi wodwala wina wa diso. Margret anaiyang'ana mpaka fumbi litatha.

Mmene ndikulemba pano a Nester akadali ku mishoni. Za misala zija zinatha tsiku lomwelo, poti amayi Magdalena sanachedwe kufalitsa nkhaniyo, ndipo pa chitsime tsopano nkhani ndi ya mpango wofiira. Bibiana akuti iyeyo sanamufunepo Gregorio n'kale lonse. A Alufeyo amabwera Loweruka lililonse ndi chinangwa, amacheza ndi achemwali awo, koma kwa Margret amangoyankha moni basi, ndipo za ankhoswe sananene kuti inde kapena ayi. Malungo a masana achepako. Kuda kuja sikunafike pa mphini, koma kunena kuti kwabwerera ndiye kunama. M'mawa uliwonse a Sisitere akamamasula bandeji, Margret amaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa mzere uja, pamene amayi ake akuyang'ana pa zenera n'kumafunsa za mbuzi.

Anthu agawikana. Ena akuti mtsikanayo anachita bwino, munthu wamkulu sanyamulidwa ngati thumba. Ena akuti akanangotseka pakamwa masiku awiri okha, bwenzi pano amayi ake ali pa ndodo koma ali otetezeka, ndipo chikachitika choipa mlandu udzakhala wake. Nanga inu, amayi ake akanakhala anu, mukanapita kwa amayi Magdalena, kapena mukanaisiya lole ija inyamuke nawo?